Pepala Lomwe Ndinawasainitsa Achimwene

Achimwene anga anagontha ine ndili kumsana. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene anadwala matenda oumitsa khosi, ndipo bambo anawanyamula panjinga kuchokera kumudzi kwathu, kufupi ndi Golomoti, mpaka kuchipatala cha mishoni ku Mua. Anabwerako ali moyo, koma makutu atatsekeka. Choncho ine sindinawadziwepo akumva. Ndinakula tili ndi zizindikiro zathu za pakhomo: kugwira chibwano kunali kutchula bambo, kugwira pachifuwa amayi, kuzunguza chala m'mwamba chigayo, kugoneka dzanja pansi maliro. M'kamwa mwawo munatsalanso mawu angapo a paubwana, omwe ankatuluka mokweza ndiponso mopotoka, moti mlendo ankadzidzimuka akawamva. Aliyense wofuna kuwauza nkhani yotalikirapo ankaitana ine. Anthu ankati ndine pakamwa pa achimwene, ndipo ndinkanyada nazo.

Anakhalako zaka zingapo kusukulu ya ana osamva ya kumishoni komweko. Kumeneko anaphunzira kuwerenga Chichewa, kutola mawu pamilomo ya munthu akamalankhula, komanso chilankhulo cha manja chomwe ankachezera ndi anzawo. Ife kunyumba sitinavutike n'kuchiphunzira chilankhulocho. Tinkati tikumvana kale.

Atasiya sukulu anakakamira pachigayo cha pa Golomoti, poyamba akungotunga madzi a injini, kenako akumasula ndi kumanga injiniyo. Ankaika chikhatho pachitsulo makina akulira, n'kutsinzina pang'ono, basi n'kuloza pamene pavuta. Mbiri imeneyi ndiyo inawafikitsa kukampani ya thonje. Inali kampani yaikulu, likulu lake ku Blantyre, ndipo inali ndi mafakitale ochotsa njere m'thonje m'maboma angapo. Imodzi mwa mafakitalewo, yomwe tonse tinkangoti jinale, inali m'mbali mwa njanji, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera kwathu. Analowa ngati aganyu matipate atangoyamba kumene, ndipo chaka chisanathe anali atavala ovolosi ya buluu, akukonza makina.

Anagwira zaka khumi ndi chimodzi. Anakwatira mkazi wa ku Bwanje, anabereka ana atatu, anafolera nyumba ndi malata. Ine nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa ku Mtakataka, ndikugulitsa mpunga pamsika, wina wochokera m'munda mwa alamu angawo.

Bwana watsopano anabwera zaka zomwe mafoni a m'manja anayamba kuoneka ngakhale kwa ogulitsa nsomba. Anali wachinyamata, waulemu, wopereka moni ndi manja awiri. Anabweretsa zipewa zolimba, majombo ndi zotchinga kumphuno, ndipo antchito anamutama. Anaikanso belu lamagetsi loti likalira aliyense athawire panja, poti thonje silichedwa kugwira moto. Tsiku lina analiza belulo mongoyesa, kuli alendo ochokera kulikulu. Anthu onse anathamangira pabwalo n'kuima pamzere. Atawerengana anapeza kuti mmodzi palibe. Anakawapeza achimwene ali chagada kunsi kwa makina, sipanala kumanja, akumanga lamba. Panalibe amene anawauza kuti kuli belu, ndipo mwa anthu onse amene anawalumpha miyendo pothawa, palibe anawagwedeza. Akuti alendo aja anaseka, koma bwana sanaseke.

Patatha sabata imodzi, galimoto ya kampani inaima pamsika wa Mtakataka, dalaivala akufunsa mlongo wawo wa amakaniko. Ndinasiyira mnzanga beseni la mpunga, ndinamanga bwino chitenje, n'kukwera kutsogolo. Galimoto yotero ndinali ndisanakwerepo. Amayi a pamsika anandiperekeza ndi maso mpaka pamsewu waukulu.

Unali mwezi wa Okutobala, kunja dzuwa likuswa mtengo, koma muofesi ya bwana kujinale munali kuzizira ngati m'mtsuko. Achimwene ndinawapeza atakhala kale pampando, chipewa pabondo. Anandipatsa chakumwa chozizira. Bwanayo anandifunsa za malonda, za ana, za mvula ngati ibwere msanga, ndipo ankanditchula kuti achemwali. Kenako anatulutsa pepala la Chingerezi, mizere yake yothithikana, n'kunena kuti kampani ikuwadera nkhawa achimwene. Anati akufuna apume masabata awiri, akaonedwe ndi dokotala wa makutu, mwina n'kuwapezera kachipangizo kothandiza kumva. Pepalalo, anatero, linali longotsimikizira kuti agwirizana nazo.

Ndinawamasulira achimwene monga ndinkathera: kupuma, masabata awiri, dokotala, khutu. Iwo anatenga pepalalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Chingerezi chawo chinali cha mayina a zitsulo basi. Analoza mzere wina ndi chala chakuda ndi girizi, n'kundiyang'ana. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndikanati ndiliwerenge pang'onopang'ono, ndikanatolapo kanthu. Koma bwana anali atagwira kale cholembera, akumwetulira, ndipo ndinachita manyazi kuoneka ngati ndikumukayikira munthu amene wanditumizira galimoto. Ndinaponya maso pamzerewo osauwerenga, n'kuwagwedezera mutu achimwene. Analozanso kachiwiri. Ndinagwedezanso mutu, ndipo ulendo uno ndinawakankhira pepalalo ndi dzanja langa.

Anasaina. Bwana anandipempha kuti nanenso ndisaine m'munsi, poti ndinalipo. Ndinasaina. Anawapatsa achimwene pepala lina lofanana nalo kuti asunge, ndipo galimoto inandibweza kumsika, komwe ndinauza anzanga kuti kampani ikufuna kuwagulira achimwene chomvera.

Masabata awiri anatha popanda uthenga wa dokotala. Lolemba lotsatira achimwene anavala ovolosi yochapa, anapalasa njinga kupita kuntchito, ndipo mlonda wa pageti, munthu amene ankagawana nawo chinangwa chootcha zaka zonsezo, anawatsekera. Anawaonetsa ndi manja kuti dzina lawo lafufutidwa. Achimwene sanabwere kwa ine. Anapalasa mpaka ku Mua, kwa aphunzitsi awo akale, bambo achikulire amene anali atapuma ntchito, ndipo ndi iwowo anawawerengera pepala lija liwu ndi liwu.

Ndinawaona akubwera onse awiri pamsika chakumasana, akukankha njinga. Aphunzitsiwo atandipatsa moni anapempha kuti tipite pambali, patsinde pa mtengo wa nimu kuseri kwa ogulitsa matemba. Anandifunsa ngati pepalalo ndinaliwerenga ndisanasaine. Ndinati ndi la tchuthi.

"Ayi, mayi," anatero. "Likunena kuti achimwene anu asiya ntchito mwa kufuna kwawo, chifukwa aona okha kuti kusamva kwawo kungaphetse anzawo. Likunenanso kuti sadzafuna kanthu kalikonse kukampani. Ndipo m'munsimu, pamene mwasaina inupa, akuti mlongo wawo wawafotokozera zonse ndipo amvetsa."

Ndinangokhala pansi, padothi pomwepo. Ndinawapempha kuti awerengenso, ndipo anawerenganso, mawu ake omwewo. Pafupi nafe mayi wina ankanenerera mtengo wa matemba, ndipo ndimakumbukira ndikudabwa kuti msika ukupitirira ngati palibe chachitika. Achimwene sanandikalipire. Anangoima atagwira chishalo cha njinga, akuyang'ana m'manja mwanga.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita kujinale. Pageti sanandilole. Ndinadikira padzuwa mpaka galimoto ya bwana inatulukira, ndipo ndinaima kutsogolo kwake. Anatsitsa galasi, anandipatsa moni wa ulemu womwe uja, n'kumvetsera ndikulira ndi kufotokoza kuti si zimene anandiuza.

"Achemwali, munasaina nokha," anatero, galasi n'kukwera.

Amayi anati tizisiye, mphawi sakangana ndi kampani. Amene anakana ndi alamu anga. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma tsiku limenelo anafunsa kuti ngati amuna awo awachotsa chifukwa cha makutu, zaka khumi ndi chimodzi zonse zija makutuwo anali kuti. Polankhula sanandiyang'ane, ndipo panapita miyezi asanayankhe moni wanga ndi mawu oposa awiri.

Aphunzitsi aja anatitsogolera kuofesi ya leba kuboma. Kumeneko anaiitana kampani kuti tikambirane, koma iyo inangotumiza kalata yonena kuti munthuyo anasiya yekha ndipo umboni ulipo. Bambo wa muofesiyo anatiuza mosabisa kuti nkhaniyi yakula, tipite nayo kukhoti loona milandu ya pantchito ku Lilongwe. Kudzera kubungwe lina la anthu olumala, aphunzitsi anatipezera loya, mtsikana wowonda woyenda ndi ndodo chifukwa cha poliyo. Atawerenga pepalalo anandiyang'ana, koma sanandifunse chifukwa chake ndinasaina. Anangondiuza kuti ndilembe zonse zomwe ndikukumbukira za tsikulo, ngakhale mtundu wa cholembera.

Ulendo wa ku Lilongwe tinauyenda kangapo. Tinkakwera minibasi yokwera phiri pa Khwekhwerere, makutu akutseka m'makona muja, ife a kuchigwa tikunjenjemera ndi mphepo ya ku Dedza. Ulendo woyamba loya wa kampani anatumiza mawu kuti ali kumaliro. Wachiwiri anati mapepala ena sanafike kuchokera kulikulu. Nthawi yonseyi achimwene ankalima mpunga ndi alamu ku Bwanje, ndipo manja awo, omwe ndinkawadziwa akuda ndi girizi, anayamba kung'aluka ndi matope.

Ulendo wachitatu mlandu unalowa. Ndinakhala pafupi ndi achimwene, nditakonzeka kuwamasulira monga mwa masiku onse. Loya wa kampani, bambo wonenepa wa mawu ofatsa, anaimirira n'kunena kuti mayiyu sangamasulire, chifukwa ndi mboni yawo.

Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo kuti akunena mayi uti. Kunalibe mayi wina. Loya wathu anandinong'oneza kuti dzina langa kampani yaliika pamndandanda wa mboni zake, kuti ndikatsimikize zoti achimwene anamva zonse asanasaine. Ndinali nditabwera kudzaima ndi achimwene anga, ndipo anthu amene anawachotsa ntchito anali atandiwerengera kale kumbali yawo. Achimwene anandikoka mkono kufunsa chomwe chachitika. Ndinakweza manja kuti ndiwauze, koma ndinalibe chizindikiro cha mboni. Ndinawatsitsa.

Woweruza anaimitsa mlandu kuti papezeke womasulira wina, ndipo mbali zonse zinagwirizana za aphunzitsi aja. Tinabweranso patapita miyezi iwiri. Ine anandikhazika pabenchi ya kumbuyo.

Achimwene ataimirira kupereka umboni, ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo pafupi chotero. Ndinkawaona ndithu akucheza ndi anzawo a kusukulu akakumana pasiteji, koma ndinkangoti akuseweretsa manja. Tsiku limenelo manja awo ankathamanga, nkhope ikusintha, mapewa akuyankha, ndipo m'kamwa mwa aphunzitsi munkatuluka Chichewa chosalala, cha munthu wamkulu wodziwa kuyala nkhani. Anafotokoza mmene analowera ntchito, makina omwe anawapeza, omwe anabwera pambuyo, ndi matenda a makina alionse. Ananena zinthu zomwe ine sindinkadziwa n'komwe: kuti anaphunzitsa ntchito anyamata anayi, kuti chaka china anazimitsa injini atamva ndi phazi kuti chitsulo chathyoka mkati, anzawo onse asanazindikire.

Za belu anati: "Belu ndi la makutu. Tsiku lotsatira ndinalemba kakalata kupempha kuti aike nyale yofiira yoti iziphethira belu likalira. Nyaleyo ndikanaimanga ndekha, ntchito ya tsiku limodzi. Sanandiyankhe."

Loya wa kampani atayamba kufunsa, anatulutsa buku la mayina a antchito n'kunena kuti munthuyu sanakhalepo makaniko. M'bukumo, anatero, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, analembedwa kuti ndi wosesa m'fakitale, amene nthawi zina ankanyamulira amisiri zitsulo. Alamu anandigwira bondo osadziwa kuti agwira ine. Zaka khumi ndi chimodzi tinkati achimwene ndi amakaniko, mudzi wonse unkatero, kampani inkawadzutsa ngakhale Lamulungu makina akaima, koma m'mabuku mwake anali munthu wa tsache. Iwo eni ake sankadziwa. Ndinaona nkhope yawo pamene aphunzitsi ankawamasulira. Anapempha kuti abwereze.

Atabwereza, anayankha pang'onopang'ono, aphunzitsi akutsatira: "Chaka china makina aakulu anaima pakati pa nyengo ya thonje. Kunabwera amisiri ochokera ku Blantyre, anagona masiku atatu, anabwerera makinawo ali chiimire. Afunseni abwanawo kuti amene anawadzutsa anagwiritsa tsache la mtundu wanji."

Anthu anaseka m'khotimo, mpaka woweruza anaweramitsa mutu. Ine sindinaseke. Ndinali ndisanadziwe kuti achimwene anga amatha kulasa munthu ndi mawu chotero.

Pa nthawi yopuma alamu anakumbukira kuti kunyumba kwa amayi kuli kalendala yakale ya kampani, yomwe inatsala pakhoma chifukwa cha chithunzi. Pachithunzipo panali achimwene atagwira sipanala pafupi ndi makina, ndipo m'munsi mwake munali mawu a Chingerezi omwe tonse tinali tisanawerengepo. Ulendo wotsatira tinabwera nayo itakulungidwa m'chitenje, yodetsedwa ndi utsi ndi ntchentche. Loya wathu anawerenga mawuwo mokweza n'kuwamasulira. Kampani inkadzitama kuti siyang'ana kulumala, ndipo inkaonetsa makaniko wake waluso amene samva. Loya wa kampani anaiyang'ana kalendalayo kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuibweza.

Tsiku lomwelo loya wathu anawafunsa achimwene ngati mlongo wawo anawafotokozera zomwe zinali m'pepala lija. Asanayankhe anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza pabenchi panga.

"Mlongo wanga amandikonda," anatero aphunzitsi, akutsatira manja awo. "Koma chilankhulo changa sachidziwa. Timamvana za njala, za mvula, za maliro. Zoti munthu wasiya ntchito mwa kufuna kwake, iye ndi ine tilibe chizindikiro chake. Ngakhale akanaliwerenga pepalalo, sakanatha kundiuza."

Kuyambira ndili kamwana ndinkadziona ngati munthu yekhayo padziko amene amawamva achimwene. Paukwati wawo ndinamasulira ndine. Pamaliro a bambo ndinawauza ndine zomwe akuluakulu ankakambirana. Tsopano ndinayamba kudzifunsa kuti pa zonsezo chinkawafika n'chiyani, ndipo ndi zingati zomwe ankangogwedezera mutu kuti ndisakhumudwe.

Kenako anandiitana. Ndinalumbira, ndipo loya wa kampani anandionetsa pepala lija. Anandifunsa ngati siginecha ili m'munsiyo ndi yanga, ndinavomera. Anafunsa ngati wina anandigwira dzanja pondisainitsa, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinapita kusukulu, ngati ndimatha kuwerenga, ndinati ndimatha pang'ono. Ndiye anafunsa mofatsa, ngati bambo akufunsa mwana wake, kuti nanga munthu wotha kuwerenga angasaine bwanji kuti wafotokoza zinthu zomwe sanawerenge.

"Ndinachita manyazi," ndinatero.

Anandifunsa kuti manyazi a chiyani. Ndinati anali atanditumizira galimoto. Wina anaseka kumbuyo, koma kuseka kwake kunathera panjira.

Loya wathu ataimirira sanandifunse zambiri. Anapempha chilolezo kwa woweruza kuti tiyese chinthu chimodzi. Anandiwerengera m'Chichewa chiganizo chachikulu cha m'pepalamo, choti ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga ndipo sindidzafuna kanthu kukampani. Anandiuza kuti nditembenukire kwa achimwene ndiwauze zimenezo ndi manja, monga ndimachitira kunyumba, ndipo iwo anene kudzera mwa aphunzitsi zomwe amva.

Ndinatembenuka. Ndinachita chizindikiro cha ntchito, chomwe kwa ife chinali kupotokola sipanala. Ndinachita cha kutha. Ndinawaloza iwo. Pa mawu oti kufuna ndinasowa chochita, ndinangosisita pamtima. Pa mawu oti kampani ndinaloza kukhomo. Ndinayesa ndi mtima wanga wonse, chifukwa ndinali nditalumbira. Achimwene anandiyang'anitsitsa mpaka ndinamaliza, kenako anatembenukira kwa aphunzitsi.

"Akuti ntchito ya lero yatha, ndisadandaule, titulukire pakhomo apo," aphunzitsi anamasulira motero.

Woweruza analemba nthawi yaitali osadzutsa mutu. Ine ndinaima pamenepo manja ali lende, pamaso pa anthu ovala masuti, ndikudziwa kuti zomwe zandichititsa manyazi kuposa chilichonse m'moyo wanga ndi zomwenso zawathandiza achimwene. Titatuluka loya wathu anandipeza pakhonde. Anandipepesa, nati njira ina panalibe, ndipo akanandiuziratu ndikanakonzekera, sizikanaoneka zoona. Alamu ndi amene anandipatsa madzi a m'botolo lawo, n'kukhala nane pakhondepo.

Bwana uja anapereka umboni pomaliza. Analankhula modekha, nati zonse anachita pofuna kupulumutsa moyo wa munthu, ndipo akanati moto ubuke tsiku lina, tonse tikanamuloza iyeyo chala. Atafunsidwa za nyale yofiira anati kampani singasinthe fakitale yonse chifukwa cha munthu mmodzi. Atafunsidwa za dokotala wa makutu ndi masabata awiri opuma, anati mawu amenewo sanawanenepo, mwina mayiyo anamva molakwa. Ananena zimenezo akundiyang'ana m'maso, nkhope ili phee, ngati munthu amene akunena kuti kunja kwacha. Mpaka tsiku limenelo ndinkaganiza kuti munthu akamanama china chake chimamugwedera, kaya diso kaya mlomo. Iye sichinamugwedere chilichonse.

Chigamulo chinatenga miyezi yambiri. Pochimva, kuchokera tsiku lomwe ndinakwera galimoto ija panali patapita zaka zitatu. Woweruza anati achimwene sanasiye ntchito, anachita kuchotsedwa, ndipo anachotsedwa chifukwa cha kusamva kwawo, popanda kuwamva mbali yawo kapena kuyesa njira ina yowatetezera. Anati pepala lomwe munthu sanauzidwe m'chilankhulo chomwe amamva silingamumange. Analamula kuti kampani ipereke chipepeso, ndipo achiwerengere pa ntchito ya umakaniko, osati ya tsache. Za kubwerera kuntchito achimwene anali atakana kale. Anati sangagonenso chagada kunsi kwa makina a anthu amene angamulumphe munthu miyendo.

Chipepesocho chinachedwa kufika, ndipo chitafika zinthu zinali zitakwera mitengo. Komabe chinakwanira kugula makina owotcherera zitsulo ndi bokosi la masipanala. Anamanga shedi pa Golomoti, pafupi ndi msewu, ndipo eni zigayo ndi a mapampu a madzi anayamba kubwera okha. Pakhoma la shediyo anakhomapo bolodi ndi choko, kuti wobwera alembe vuto lake.

Ine ndinayamba kupita ku Mua Loweruka lililonse masana, kwa aphunzitsi aja, ndili ndi zaka pafupifupi makumi anayi. Zala zinali zouma kale, ndipo ankandibweza kambirimbiri pa chizindikiro chimodzi. Achimwene sanandiyamikire, sanandiletsenso. Ankangondikonza ndikalakwitsa, nthawi zina mosaleza mtima. Patapita chaka tinayamba kukangana, zomwe tinali tisanachitepo chibadwire. Ndinapeza kuti ndi munthu wamakani pa ndale, kuti mwamuna wanga sankamukonda kuyambira kale, ndiponso kuti nyimbo za kutchalitchi zomwe ankaimba asanadwale amazikumbukirabe mawu ake onse.

Bwana uja ndinakumana naye kamodzi kokha pambuyo pake. Ndinali pa depoti ya ku Salima, nditakhala kale m'minibasi ya ku Mtakataka, thumba la sopo ndi mchere pamiyendo, tikudikira kuti idzaze. Wina anagogoda pagalasi. Nditayang'ana ndinaona ndi iye, atanenepa, tsitsi litayamba imvi, atanyamula jumbo ya nsomba. Anali atandizindikira ndi iyeyo. Anandipatsa moni mosangalala ngati wapeza mbale wake, nandiuza kuti kukampani kuja anachokako, tsopano ali kwina. Anafunsa za ana, za malonda a mpunga. Kenako anafunsa za achimwene.

"Munthu uja anali ndi manja," anatero. "Chichokereni iye sitinapezenso makaniko wotero. Mukawapatse moni."

Ndinamuyang'ana kufuna kuona ngati akundinyoza. Sankandinyoza. Ankanena zochokera pansi pa mtima, ndipo ankadikira kuti ndimuthokoze. Mayi amene anakhala pafupi nane anandigunyuza ndi chigongono kuti ndiyankhe, poti bambo akupereka moni. Kondakitala anakankhira munthu womaliza mkati, anamenya chitseko, ndipo minibasi inanyamuka iye akundibayibitsa ndi dzanja lomwe linalibe nsomba.

Moniwo ndinakafikitsa. Ndinawapeza achimwene akumasula pampu, ndipo ndinawauza zonse, liwu ndi liwu, osachotsapo kapena kuwonjezera. Anaika sipanala pansi, anapukuta manja pansanza, n'kundifunsa ngati nyale yofiira ija anadzaiika. Ndinati sindinafunse.